Matope pa Ndodo za Bizwick

Mukadzafika kudera la tiyi, kuseri kwa phiri kuja chiperoni chimagona sabata yathunthu osafuna kuchoka, mudzafunse za Bizwick Namaona. Anthu adzayamba aseka kaye asanakuyankheni. Koma mudzaonetsetse bwino, kusekako n'kwa pakamwa pokha, maso amakhala akuyang'ana kukhomo.

Bizwick anali katswiri wa gofu, masewera aja a anthu okhuta, omenya kampira koyera ndi ndodo yachitsulo n'kumakatsatira mpaka kakalowe m'kadzenje. Bwalo lake linali pakati pa esiteti, lotsala kwa azungu akale, ndipo ana a m'malaini, mokhala antchito a paesiteti, ankalowamo pokanyamula zikwama za mabwana basi. Bizwick naye anabadwira m'malaini momwemo, ngakhale kuti atakula sankafuna kuti muzimukumbutsa. Koma luso lokha tisamunamizire, anali nalo. Ankafika pabwalo mochedwa, maso ali psuu ndi mowa wa dzulo, n'kusolola ndodo osayang'ana n'komwe, thwa! Kampira kankapita ngati wina akukakoka ndi chingwe. Anzake asanamenye ankayamba ayeserera kaye m'malere, iye ayi. Ankati kuyeserera n'kwa anthu amene Mulungu anawaiwala pogawa.

Mawu amenewa ankalasa munthu mmodzi makamaka, Wyson Mpeketula, kalaliki wa kufakitale. Wyson anayamba gofu atakula kale, ndipo luso analibe ngakhale la m'chikhadabo. Ankalawirira pabwalo tsiku lililonse ndi chidebe cha timipira, n'kumamenya mpaka manja kuchita matuza, matuzawo kuphulika, kuuma, n'kuphulikanso. Kamenyedwe kake kanali konyansa, ngati munthu akupha njoka, koma chaka ndi chaka ankasendera pang'onopang'ono. Bizwick anamupatsa dzina loti Phwiti, poti paja amati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

"Phwiti, njiwa ija wayipeza?" ankamufunsa motero m'bala ya pakalabu, anthu n'kufa nalo phwete. Wyson ankangomwetulira ngati sakumva, n'kumapitiriza kumwa tiyi wake.

Chaka chimenecho kampani ina ya ku Joni inalengeza kuti wopambana pa mpikisano wa pabwalopo idzamutenga kukasewera ndi akatswiri odya za gofu kumeneko. Malo anali amodzi okha, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi a Bizwick. Mwini wakeyo anali atagula kale jekete la paulendo.

Tsono pali kanthu kamene muyenera kudziwa. Chikwama cha ndodo za Bizwick sichinkagona kunyumba kwake, komanso sichinkagona kukalabu monga zikwama za anzake. Chinkagona pakhonde pa mlongo wake wamkulu, Enelesi, nyumba yomalizira ya m'malaini, yoyang'anana ndi mpanda wa bwalo. Anayambitsa zimenezi ndi mayi awo akadali moyo. Chiyambire tsiku limene Bizwick analandira ndodo zake zoyamba, mayiwo ankati ndodo sizigona m'nyumba yotseka, zimafuna mphepo. Bizwick sanafunsepo chifukwa chake. Kwa iye zinali bwino chabe, poti Enelesi ankazitsuka m'mawa uliwonse, iye n'kumangozipeza zikuwala.

Pakhonde pomwepo ndi pamene ankakhala malume awo, a Stonadi, masiku awo omaliza. A Stonadi ananyamula zikwama za azungu moyo wawo wonse, osaloledwa kumenya ngakhale kampira kamodzi pabwalopo. Anadzisemera ndodo ya mtengo wa gwafa, ndipo m'bandakucha uliwonse ankamenya timandimu tosapsa kuseri kwa fakitale, uku akutsokomola chifuwa chawo cha fumbi la tiyi. Anthu ankati mutu sukuyenda bwino. Anamwalira Bizwick ali kamnyamata, ndipo mwezi usanathe kamnyamatako kanadabwitsa esiteti yonse ndi kamenyedwe kake. Bizwick akaledzera ankakonda kuwatchula malumewo. Ankati amene akufuna kuona kumene khama limafikitsa munthu apite kumanda akaone mtumbira wa a Stonadi, munthu amene anafa wopanda nsapato.

Mpikisano utayandikira, Enelesi anapita kuchipatala cha mishoni kukadikirira mwana wake amene anali woyembekezera. Nyumba inatsala yokha, chikwama chili pakhonde monga mwa masiku onse.

Tsiku loyamba Bizwick atapita kukachitenga, dzuwa litakwera kale, anapeza ndodo zonse zili zonyowa. Anati ndi mame. Koma mame sabwera ndi dothi. Kumutu kwa ndodo iliyonse kunali dothi lofiira, laliwisi, ndi timaudzu tongodulidwa kumene. Atagwira chogwirira cha ndodo imodzi anachipeza chofunda, ngati mpini wa khasu umene mwini wake wangousiya pompo.

Anaitana makadi onse, anthu onyamula zikwama aja, n'kuwatukwana kuyambira agogo awo. Onse anangoti zyoli. Amene anayankha ndi Gomiwa, bambo wa imvi amene ankanyamula chikwama cha Bizwick yemweyo.

"Bwana, ndani angagwire ndodo zanu? Ife pakhonde paja timadutsa patali."

"Chifukwa chiyani?"

Gomiwa anayang'ana anzake, anzakewo n'kuyang'ana pansi. "Agalu sagonapo, bwana. Ngakhale mvula igwe bwanji."

"Mxii! Ndiye nzeru zanu mumatengera kwa agalu?"

Madzulo ake anawaza phulusa kuzungulira chikwama, khonde lonse mbuu. M'mawa phulusalo linali momwe analisiyira, popanda ngakhale phazi la nkhuku. Ndodo zinali ndi matope. Gulovu yatsopano imene anaisiya m'thumba la chikwama inali itabooka pachala chachikulu, ndipo chikwamacho chinkanunkhira ndimu.

Munthu wanzeru akanayamba kuchita mantha pamenepo. Bizwick anangopsa mtima kuti pali wakuba wochenjera kuposa iye. Chimene chinamupweteka zenizeni chinabwera Loweruka m'bala, anthu atadzaza.

Wyson, amene tsopano ankalawira kuposa kale chifukwa cha mpikisano, anabwera pomwe panali Bizwick n'kutambasula dzanja, nkhope yake ili yaulemu.

"Amwene, ndikupepeseni. Ine ndinkakuyesani waulesi."

"Walawa mowa lero, Phwiti?"

"Ayi, ndikunenetsa. Ine ndimati ndimalawira, koma masiku onsewa ndikafika ndikumapeza inu mwayamba kale kumunsi kuja, m'nkhungu. Sindikuonani, koma kulira kwa ndodo kumeneko palibe wina m'dziko muno. Ndakuvulirani chipewa. Koma chifuwacho mupite nacho kuchipatala, amwene. Mukamenya kutsokomola, mukamenya kutsokomola."

Mkulu wina wa paesiteti anagwetsa phwete. "Haa! Kani mphatso ija imadzuka tambala woyamba!" Enanso anayamba kuseka, ena kumusisita Bizwick paphewa, ena kumuyamikira kuti wachita bwino kubisa.

Mumudziwe bwino munthu ameneyu. Mukanamunena kuti ndi wakuba, akanaseka. Mukanati ndi mfiti, akanakugulirani mowa. Koma kumunena kuti amatuluka thukuta ngati Phwiti, kuti luso lake amachita kulimira, zimenezo zinali ngati mwamuvula pamsika. Za chifuwa zija sanazimve n'komwe. Anaphwanya tambula pansi n'kutuluka.

Tsiku limenelo anakagona m'nyumba ya Enelesi, chibonga chili pambali, kuti amugwire wakubayo ndi manja ake. Anadzidzimuka tambala akulira. Sanamve chitseko, sanamve phazi, koma atasuzumira pakhonde chikwama panalibe.

Kunja chiperoni chinali chikuwaza, nkhungu itatsekeratu moti dzanja lako lomwe sukanaliona. Anadumpha mpanda n'kulowa m'bwalo. Achule amene amasokosa m'khwawa la pamenepo anali chete. Anayenda pang'ono, udzu ukumunyowetsa miyendo, kenaka anamva.

Thwa!

Kenaka kachifuwa kouma, kotopa. Khoo, khoo.

Kanthu kanagwa patsogolo pake, phu. Anawerama n'kuona kampira koyera. Asanaweramuke, thwa, khoo khoo, kena kanagwa n'kugunda koyamba kaja. Kenanso. Atayang'anitsitsa anaona kuti pansipo panali timipira tambirimbiri, tonse titaunjikana pamalo osaposa lichero. Iye ankadziwa gofu, ankadziwa kuti kumenya kotero, m'nkhungu yotero, si kwa munthu wongoba ndodo za bwana wake. Chibonga chija chinayamba kumulemera.

Anapitabe kumene kunkachokera phokosolo. Fungo la ndimu linakula, losakanikirana ndi la fumbi la tiyi. Choyamba kuona chinali chikwama chake, chitaima chokha pa udzu. Pambali pake nkhungu inali yoderapo kusiyana ndi kwina konse, ndipo malo oderapowo anali aafupi, owerama msana. Ankakwera, n'kutsika. Nkhope panalibe yoti aione, ndipo sanafune kuifunafuna. Chimene anaona ndi kamenyedwe. Anali atadzionerapo pa mafoni a anthu kambirimbiri, akudzitama, ndiye sakanasokoneza: kutembenuka kwa mapewa kuja, kupinda pang'ono kwa bondo lakumanzere kuja, zonse zinali zake.

Mantha anamugwira, tisabise. Akanabwerera mwakachetechete, bwenzi lero tikukamba nkhani ina. Koma m'makutu mwake munali mukulirabe phwete la m'bala lija.

"Iwe!" Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anakuwanso. "Iwe! Kaya ndiwe ndani, wandichititsa manyazi pagulu. Anakutuma ndani? Ine izi ndinabadwa nazo, wamva? Sindinalembe munthu ganyu!"

Chifuwa chija chinasiya. Ndodo inakhala m'malere kanthawi, kenaka inagwa pa udzu. Bizwick anaitola mothamanga, chogwirira chake chili chofunda ndi chonyowa, kunyowa kosakhala kwa mvula. Anaiponya m'chikwama n'kuchikoleka paphewa. Potembenuka anamva kupuma kumbuyo kwa khutu lake, kupuma kwakutali, konga kwa munthu amene watula mtolo wa nkhuni atayenda nawo mtunda. Anathamanga osacheuka mpaka kukalabu.

Dzuwa litatuluka mantha anatha, matama n'kubwerera m'malo mwake. Masana omwewo, anthu akuona, analowetsa chikwama m'kabati yachitsulo ya m'chipinda chosinthira zovala, n'kukhoma ndi loko wamkulu. Kiyi anamupereka kwa wogulitsa m'bala kuti amupachike pamwamba pa mabotolo.

"Kiyi ameneyu atsike tsiku la mpikisano," anatero mokweza. "Aliyense azimuona. Ndiye tidzaone ngati Bizwick Namaona amachita pulakatisi."

Anthu anawomba m'manja. Anthu a m'bala amawombera m'manja chilichonse chimene sichiwadyera kanthu.

Enelesi anabwerako kuchipatala mawa lake. Atapeza khonde lili lokha sanalowe n'komwe m'nyumba, anapita kukalabu ndi chitenje chomwecho cha paulendo. Amayi a m'malaini salowera khomo la kumaso, ndiye anaima kukhomo la kukhitchini mpaka mlongo wake anatuluka, botolo lili m'manja.

"Achimwene, chikwama chili kuti?"

"Chili pomwe pamakhala zikwama za anthu."

"Chibwezeni pakhonde lero lomwe. Ndagwira mwendo wanu."

Bizwick anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kani mumadziwa, achemwali? Zaka zonsezi?"

"Ine ndimangotsuka. Amayi anati ndizitsuka dzuwa lisanatuluke, ndisafunse, ndisakuuzeni. Matope amenewo ndawatsuka ndili namwali, ndawatsuka ndili ndi pakati, ndawatsuka ngakhale tsiku la maliro a amayi. Inu simunadabwepo kuti zogwirira zimatha msanga chonsecho simumenya?"

"Ndiye mukuti chiyani? Kuti ine ndimadyera thukuta la munthu amene anafa akumenya mandimu?"

"Ine sindinatchule munthu."

"Chabwino. Amene simunamutchuleyo mukamuuze kuti ntchito yatha. Ngati manja akumuyabwa, akanyamule zikwama kumandako."

Enelesi anagwira pakamwa. Anamuyang'ana mlongo wakeyo nthawi yaitali, mmene timayang'anira munthu amene madokotala atiuza kale zoona koma mwini wake sakudziwa. Kenaka anakonza chitenje chake n'kubwerera kumalaini.

M'bandakucha wotsatira mlonda wa pakalabu anathawa pantchito. Anati m'chipinda chosinthira zovala munali phokoso, ndodo zikugundana m'kabati, ngwe, ngwe, ngati wina akufufuza mumdima. Loko ankagwedezeka. Kenaka kachifuwa. Anabwerera pantchito atamuopseza kuti amuchotsa, ndipo anati m'mawa winawo phokosolo linalipo ndithu koma lofooka. Kumalaini nako anthu ankamva mapazi akuzungulira nyumba ya Enelesi, kuchoka pakhonde kupita kumpanda, kuchoka kumpanda kubwerera pakhonde, kenaka wina n'kukhala pansi mwamphamvu. Ana anasiya kusewera mbali imeneyo. Amayi ankapita kumjigo m'magulu, osacheza.

Wyson naye analeka kulawira kwambiri. Anauza Gomiwa kuti bwalo lakhala chete moopsa, ndipo kuti pamene ankamva kumenya kuja ankalimba mtima kusiyana ndi tsopano.

Kenaka m'mawa wina kunalibe chilichonse. Kabati inali chete, mapazi osamveka. Enelesi potsegula chitseko anapeza galu wa aneba atadzipinda pakhonde, ali m'tulo. Anakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza, kulira kwa pamaliro, mpaka amayi anzake anabwera akuthamanga kudzafunsa amene wamwalira. Bizwick atamva anagulira bala yonse mowa. Anati ngakhale mizimu imadziwa bwana.

Tsiku la mpikisano kunacha bwino, kopanda nkhungu ngakhale pang'ono. Magalimoto anadzaza mpaka kumsewu wa kufakitale. Mkulu wa kampani ya ku Joni uja anakhala pampando wa kutsogolo, chipewa chachikulu kumutu. Anthu a m'malaini anandanda kunja kwa mpanda, koma Enelesi panalibe. Wogulitsa m'bala anatsitsa kiyi anthu akuimba mluzu, ndipo Bizwick anatsegula kabati yekha, atavala jekete la paulendo lija kuti anthu alione. Ndodo zinali zoyera, zouma, zozizira.

Anayamba kumenya ndi Wyson. Anayeserera m'malere monga mwa chizolowezi chake, n'kupukuta manja pa thalauza, n'kupha njoka yake ija. Kampira sikanapite patali kwenikweni, koma kanagwa pakati penipeni pa bwalo.

"Phwiti wayesetsa," anatero Bizwick, anthu n'kuseka.

Kenaka dzina la Bizwick linaitanidwa. Anavula jekete n'kumuponyera Gomiwa, Gomiwa n'kumupatsa ndodo yaitali yoyambira. Atangoilandira anadabwa kulemera kwake, ngati kulemerako kuli mbali yolakwika. Anaika kampira pansi n'kuima pambali pake. Anadikira kanthu kaja kamene nthawi zonse kankatsika kuchokera m'mapewa kukafika m'manja, kamene sanakaganizirepo chibadwire monga mmene munthu saganizira zomeza malovu. Sikanabwere.

Anayang'ana mapazi ake. Anawatalikitsa, n'kuwabweza pamodzi, n'kuwatalikitsanso. Anagwira ndodo, n'kuisiya, n'kuigwiranso mwina. Anthu anayamba kuseka poganiza kuti akumuyerekeza Wyson, ndipo iye anamwetulira nawo kuti aziganiza chomwecho. Anakweza ndodo pang'ono n'kuona kuti sakudziwa kumene ikupita. Anaitsitsa.

Kuseka kunayamba kuzilala. Wina anatsokomola m'gulumo, ndipo Bizwick anatembenuka mwachangu, maso ali tong'o, kufunafuna. Anali mayi wina wa chimfine chabe. Mkulu wa ku Joni anayang'ana wotchi yake. Kunja kwa mpanda anthu a m'malaini anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osayankhulana, ngati anthu amene adziwa kale uthenga.

Bizwick anakodola Gomiwa. Bambo uja anasendera pafupi, chikwama chili paphewa. Bizwick anawerama kuti anong'one, koma pabwalo panali zii moti mawu ake anamveka mpaka pampando wa kutsogolo.

"A Gomiwa," anatero, "tandithandizani, bambo anga. Kodi pogwira ndodo, dzanja limakhala pamwamba ndi liti?"